Nkhungu ndi madontho m'nyali zakutsogolo zogula padera: timate kapena tizisiye zipume?

Chiwongolero88

Moni kwa nonse. Ndikupempha nzeru kwa amene munasinthapo nyali zakutsogolo za galimoto n'kuikamo zogula padera, zosachokera kukampani imene inapanga galimotoyo. Nyali zanga zakale zinali zitachita chikasu ndipo imodzi inali yong'aluka, choncho ndinagula peyala yatsopano, ndipo m'malo mwa mababu a halojeni amene zinabwera nawo ndinaikitsamo a LED. Zikuwala bwino, koma m'mawa uliwonse galasi limakhala litachita nkhungu cham'kati. Ya kumanzere nkhunguyo imangokhala m'ngodya yam'munsi ndipo imatha dzuwa likakwera, pomwe ya kumanja imafika pochita madontho otsetserekera pansi, makamaka mvula ikagwa kapena galimoto ikatsukidwa. Munthu wina wandilangiza kuti ndigule silikoni ndimate mzere wonse umene galasi limakumana ndi chigoba chakumbuyo, komanso nditseke timabowo tonse timene ndingatipeze. Ndisanachite zimenezi ndati ndimve kaye maganizo anu.

Sipanala17

Timabowoto musatitseke, achimwene. Nyali ya galimoto sinapangidwe kuti ikhale yotsekeka kotheratu, ndipo timabowo timene mukufuna kumatato ndi timene imapumira.

MlondaWaUsiku

Ine sindikugwirizana nawo a Sipanala17. Ngati madzi akupezeka m'kati, ndiye kuti pali pamene akulowera. Mukatseka polowera ponse, madziwo adzera kuti?

WaMagetsi

A MlondaWaUsiku, funso lanu ndi lomveka, koma likutenga ngati madzi onse amene tikuwaona pagalasi analowa ali madzi. Ambiri mwa iwo amalowa ali nthunzi yosaoneka ndi maso, yosakanikirana ndi mpweya, ndipo amasanduka madontho pamene mpweyawo wakhudza chinthu chozizira. Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30 a Celsius, kiyubiki mita imodzi ya mpweya imatha kusunga magalamu pafupifupi 30 a madzi, koma pa madigiri 10 imangosunga magalamu 9 kapena kupitirirako pang'ono. Masana kapena pamene injini ikuyenda, mpweya wa m'nyali umafunda n'kumwa chinyezi; usiku galasi, limene lili kunja kumphepo, limazizira msanga kuposa chigoba chimene chabisala pafupi ndi injini, ndipo chinyezi chotsalacho chimatera pagalasipo. N'chimodzimodzi ndi botolo la madzi lochoka mufiriji limene limachita thukuta ngakhale silikudontha.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mpweya ukatentha umafutukuka. Kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 80, umawonjezeka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ukasowa potulukira umakankha makoma a nyali mpaka kupeza malo ofooka, ndipo nyali ikayamba kuzizira imayamwa mpweya kudzera pamalo ofooka omwewo. Kawirikawiri malowo amakhala pamzere wapamwamba, pamene madzi a mvula amadikha. Mukatseka timabowo topumira, nyali siileka kupuma ayi, imangoyamba kupumira pamalo pamene pali madzi, ndipo chimene chalowa sichipezanso njira yotulukira.

MlondaWaUsiku

Nanga bwanji nyali zozungulira za galimoto zakale zija sizinkachita nkhungu? Zinali zotsekeka kotheratu ndipo zinalibe bowo ngakhale limodzi.

GogoInjini

Zimenezo ndazigwira kwambiri, mwana wanga, ndipo si zofanana ndi zamasiku ano. Mu nyali zimene zija, nyali yonse ndiyo inali babu. Galasi lakutsogolo ndi mbale yonyezimira yakumbuyo, yobweza kuwala, zinkawotchereredwa pamodzi kufakitale, m'kati n'kuikamo mpweya wouma wopanda chinyezi, ndipo ikapsa munkataya yonse. Ku United States lamulo linkakakamiza nyali za mtundu umenewu kuyambira mu 1940 mpaka mu 1983, pamene analola nyali zosintha babu lokha. Nyali imene ili ndi khomo lolowetsera babu, mawaya odutsa m'chigoba ndi zosinthira kaloza ka kuwala singatsekeke mofanana ndi zija. Komanso pulasitiki amamwa chinyezi pang'onopang'ono n'kuchitulutsa akatenthedwa, pomwe galasi lenileni silimwa kanthu. Ngakhale mutamata bwanji, chinyezi china chili kale m'makoma a nyaliyo.

Namame

Ndifunse nawo, chifukwa vuto langa likufanana ndi la nyali yawo ya kumanzere. Kodi tingadziwe bwanji kuti iyi ndi nkhungu wamba, iyi ndi nyali yodontha?

WaMagetsi

Achemwali, yang'anani kukula kwa madontho ndi nthawi imene akutenga kuti athe. Nkhungu yosalala, yonga utsi, imene ili m'mphepete kapena m'ngodya yakutali ndi babu, ndipo imachoka mukayenda ndi nyali zoyaka kapena galimoto ikakhala padzuwa, ndi yachibadwa, ndipo imaoneka ngakhale m'nyali za orijino. Madontho akuluakulu amene akusiya mizere potsetsereka, madzi odikha pansi pa chigoba, kapena chinyezi chimene chikukhala masiku angapo kunja kuli kouma, ndi chizindikiro chakuti madzi akulowa ali madzi. Pa zimene a Chiwongolero88 afotokoza, nyali ya kumanzere ilibe mlandu, koma ya kumanja ili ndi polowera.

Sipanala17

Pali chinthu chimene a Chiwongolero88 anena mongodutsa koma ine ndikuchiona ngati chachikulu, ndicho mababu a LED. Babu la halojeni la H7 limadya mawati 55, la H4 limadya 60 pa kuwala kwakutali ndi 55 pa kuwala kwapafupi, ndipo mphamvu yambiri imatuluka ngati kutentha kumene kumaponyedwa kutsogolo pamodzi ndi kuwala. Kutenthako kumafunditsa galasi n'kuumitsa nkhungu munthu asanaizindikire n'komwe. Babu la LED nalo limatentha, koma kutentha kwake kumathawira kumbuyo, kuchitsulo chozizitsira ndi kafani, ndipo galasi limatsala lozizira. Ndi chifukwa chake kumaiko kogwa chipale chofewa kuli nyali zina za LED zimene amaziikira timawaya totenthetsa galasi. Choncho nkhungu imene halojeni akanaichotsa m'mphindi zochepa, LED amaisiya.

Koma funso langa lenileni ndi ili: chivundikiro chalabala chakumbuyo kwa babu munachibwezera bwanji? Mababu ambiri a LED ndi aatali kumbuyo, ndipo amakaniko ambiri akaona kuti chivundikiro sichikutseka amachidula pakati, kapena amangochisiya osachibwezera.

Chiwongolero88

Sindinaike ndekha, akulu, choncho sindikudziwa. Ndikatsegula boneti ndidzayang'ana kumbuyo kwa nyali zonse ziwiri.

MayiWaPikapu

Pagalimoto yanga vuto linali lomweli. Amene anandiikira mababu anang'amba chivundikiro ndi mpeni kuti waya adutse, ndipo kafani kanali kukoka mpweya wonyowa wa m'chipinda cha injini n'kuuthira m'nyali. Mankhwala ake anali kugula zivundikiro zakuya, zimene zimapangidwira mababu aatali, n'kuboola bowo lozungulira bwino lokwana waya yekha, lokhala ndi kamphete kalabala kogwira wayayo. Chinanso chimene anandionetsa makaniko wachiwiri ndi kupinda waya kuti ayambe watsikira pansi asanakwere kulowa m'nyali, kuti madzi oyenda ndi waya azidonthera pansi asanafike pabowo. Kuchokera pamenepo madontho anatha, ngakhale nkhungu yam'mawa imabwerabe kukazizira.

Matayala4

Zonsezi n'zotalikitsa nkhani. Tengani dirilo, boolani kabowo kamodzi pansi pa nyali, madzi azituluka okha. Ine ndinatero ndipo sindinaonenso dziwe m'nyali.

GogoInjini

Dziwe simunalione chifukwa likutuluka, koma madzi akulowabe, ndipo akudutsa pambale yonyezimira tsiku ndi tsiku. Dikirani muone fumbi limene lidzalowere pabowo lanulo likadzakumana ndi chinyezi.

Matayala4

Agogo, ndiye mukutanthauza kuti kuboola n'kolakwika nthawi zonse? Pajatu nonse mwavomereza kuti nyali iyenera kupuma.

WaMagetsi

Si kolakwika nthawi zonse, koma bowo lapululu ndi bowo lopumira n'zosiyana. Mukayang'ana kumbuyo kwa nyali yopangidwa bwino mupeza timabowo tiwiri kapena kuposerapo, kena m'munsi kena m'mwamba, kuti mpweya wozizira uzilowera pansi ndipo wofunda uzitulukira pamwamba utanyamula chinyezi. Pakabowo kalikonse pamakhala chotchinga: mwina kachubu kalabala kopindikira pansi, mwina kachipewa kokhala ndi siponji m'kati, mwinanso kansalu kapadera kamene kamalola mpweya ndi nthunzi kudutsa koma kamakana madontho ndi fumbi. Kansalu kameneka ndi ka mtundu umodzi ndi kamene kamagwiritsidwa ntchito m'majekete osalowa madzi a Gore-Tex, ndipo kampani ya W. L. Gore imapanga zotchingira zotere za nyali za galimoto. Apa ndi pamene nyali zotsika mtengo zimapulumutsira ndalama. Zina zimabwera ndi kabowo kamodzi kokha, zina kachubu kamakhala katagwera m'bokosi kapena kataloza m'mwamba, ndipo ndinaonapo ina imene kabowo kake kanali kotsekeka ndi pulasitiki wotsalira pouumba. Ngati nyali ilibiretu popumira pokwanira, mungathe kuboola kuchigoba chakumbuyo, pamalo pamene madzi ochokera kumatayala safika, n'kumatapo kansalu kameneko. Galasi lakutsogolo musaliboole.

Namame

Nanga timapaketi ta silica gel timene timabwera m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi? Ndamva kuti ena amatiponya m'nyali.

Sipanala17

Timathandiza, koma kwa kanthawi. Silica gel amamwa chinyezi chofika pafupifupi 40 peresenti ya kulemera kwake ngati mpweya uli wonyowa kwambiri, kutanthauza kuti paketi ya magalamu 10 singapitirire magalamu 4 a madzi. Popeza nyali imapuma tsiku lililonse, paketiyo imakhuta, ndipo ikakhuta n'kutenthedwa imabweza chinyezi china mumpweya wa m'nyali momwemo. Amene akufuna kuigwiritsa ntchito aimate ndi tepi yolimba m'kati mwa chivundikiro chakumbuyo, kutali ndi babu ndi kafani, kuti azitha kuichotsa n'kuiumitsa kapena kuisintha. Kungoiponya m'kati n'koopsa, chifukwa paketi ikang'ambika timikanda timabalalika m'nyali monse ndipo kutichotsa ndi ntchito yaikulu. Pa nyali yodontha, silica gel sathandiza chilichonse.

MlondaWaUsiku

Chabwino, za timabowo ndagonja, koma za silikoni sindinagonje. Ngati mzere wolumikiza galasi ndi chigoba uli ndi mpata, silikoni ndiye amamata mipata. Cholakwika n'chiyani pamenepo?

GogoInjini

Zolakwika zilipo zingapo. Silikoni wamba wa m'mabafa ndi m'mawindo, uja wonunkha ngati viniga, amatulutsa asidi pouma, ndipo nthunzi yake ikalowa m'nyali imasiya chifunga pagalasi cham'kati komanso imadya mbale yonyezimira, imene ndi aluminiyamu wopyapyala kwambiri wongokutidwa papulasitiki. Kenako, zigoba zambiri ndi za pulasitiki wa polypropylene, amene silikoni sagwirako bwino. Poyamba amaoneka ngati wagwira, koma ndi kutentha ndi kugwedezeka amamatuka pang'ono n'kupanga kangalande kosunga madzi pamzere pomwepo. Ndipo tsiku limene mudzafune kutsegula nyaliyo kuti muikonze bwino, mudzatha nthawi yambiri mukupala silikoni, chifukwa chomatira chatsopano sichigwira pamene iye watsalira.

Chimene opanga nyali ambiri amaika m'ngalande yolumikizira ndi butyl, labala wakuda womata amene sauma gwa, amafewa akatenthedwa ndipo amalimbanso akazizira. Nyali zogula padera nthawi zambiri zimakhala ndi butyl wochepa, kapena woikidwa modukizadukiza, makamaka m'ngodya. Kukonza kwake n'kuchotsa nyali pagalimoto, kuchotsa mababu, mawaya ochotseka, tizitsulo topanira ndi timasikuluu tonse, kuitenthetsa mpaka butyl afewe, kulekanitsa galasi ndi chigoba mosamala, kuyeretsa ngalande, kuyalamo chingwe chatsopano cha butyl popanda mpata, kutenthetsanso n'kupanikiza mbali zonse mpaka izizire. Ambiri amagwiritsa ntchito uvuni wa madigiri pafupifupi 110 kwa mphindi 10 kapena kupitirirako pang'ono, nyali itakhazikidwa pathabwa kuti isakhudze chitsulo.

MayiWaPikapu

Agogo, nyali ya pulasitiki mu uvuni? Sindingayerekeze n'komwe.

GogoInjini

Mantha anuwo ndi abwino, amayi, chifukwa amachititsa munthu kusamala. Galasi la nyali zamakono ndi pulasitiki wa polycarbonate, amene amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 147, choncho pa 110 mpata ulipo, pokhapokha ngati uvuniwo umanama pa kutentha kwake kapena nyali yayandikira chitsulo chotenthetsera. Amene akuopa agwiritse ntchito heat gun, chipangizo chouzira mpweya wotentha kwambiri, koma adziwe kuti ndi imene imawononga nyali zambiri, chifukwa dzanja likaima malo amodzi pulasitiki amachita matuza nthawi yomweyo. Muziiyendetsa mozungulira mzere wonse osaima. Dziwaninso kuti nyali zina zinamatidwa ndi guluu wouma gwa amene safewa ndi kutentha kotere. Bayani ndi kasikuludiraiva pamzere: ngati chomatiracho chikubonyoka ndi kunyanda, ndi butyl, ngati chili cholimba ngati tayala, musalimbane nacho kunyumba.

KuwalaKwakutali

Pepani ndilowererepo. Tikukambirana zoumitsa nyali, koma palibe amene wanena kuti mababu a LED oikidwa m'nyali yopangidwira halojeni amatithobwa m'maso ife amene tikuchokera kutsogolo. Mbale yonyezimira inapangidwa motsatira pamene kawaya koyaka ka halojeni kamakhala, ndipo gwero la kuwala likasuntha ngakhale pang'ono, kuwala kumamwazikira m'mwamba. Maiko ambiri salola kusintha kotere pamsewu. Bwezeranimo halojeni, mavuto awiri atha nthawi imodzi.

Matayala4

Nyali zanga zili ndi chidindo cha E, ndiye kuti zonse zili bwino.

KuwalaKwakutali

Chidindo cha E chokhala m'kabwalo ndi nambala pambali chimasonyeza dziko limene linavomereza nyaliyo motsatira malamulo a United Nations, monga E1 ya Germany, E4 ya Netherlands kapena E11 ya United Kingdom. Chilolezocho chinaperekedwa nyaliyo ili ndi mtundu wa babu umene inapangidwira, osati lililonse limene mwini wake angaikemo. Komanso chidindocho sichikulonjeza kuti butyl anayalidwa bwino pa nyali yanuyo.

Namame

Mfundo yothobwa m'maso ndi yoona, koma nkhungu nayo imamwaza kuwala chimodzimodzi, choncho tibwerere kwa a Chiwongolero88. Asanatenthetse kanthu, angadziwe bwanji malo enieni amene madzi akulowera?

WaMagetsi

Ayambe aiumitsa. Achotse nyali, achotse mababu ndi zivundikiro, akhuthule madzi, kenako aiike pamalo ofunda ndi ouma, kapena auziremo mpweya wofunda ndi makina oumitsira tsitsi ali pa mphamvu yochepa. Asafulumire kutseka galasi likangoyera, chifukwa chinyezi chimabisala kuseri kwa mbale ndi m'pulasitiki momwe. Asalowetse nsalu kapena chala kuti apukute m'kati. Mbale yonyezimira imakandika ndi kukhudza kokha, ndipo magalasi ena ali ndi mankhwala oletsa nkhungu cham'kati amene amachoka mukapukuta.

Ikauma, abwezere mababu ndi zivundikiro, atseke timabowo topumira ndi tepi kwa kanthawi kupatula kamodzi, apake madzi a sopo pamzere wonse, m'mbali mwa mababu ndi pamene mawaya akulowera, ndiye auzire mpweya pang'onopang'ono kudzera pakabowo kotsalako ndi pakamwa kapena kapampu kam'manja. Pamene pakutuluka thovu ndi pamene pakulowa madzi. Kompuresa asaigwiritse ntchito, chifukwa ingathe kutsegula mzere umene unali wabwino. Akamaliza akumbukire kuchotsa tepi ija. Ngati wina ali ndi nyali za HID, zija za mababu a mpweya wa xenon, azimitse ndi kuchotsa waya wa batire asanagwire kanthu, popeza poyatsa zimafuna mavoti opitirira 20,000, ndipo ballast, kabokosi kamagetsi koyendetsa babulo, nthawi zambiri imakhala pansi pa nyali pamene madzi amadikha.

Chiwongolero88

Ndayang'ana monga munanenera. Zivundikiro zonse ziwiri n'zong'ambidwa kuti waya adutse, ndipo kunyali ya kumanja kachubu kam'mwamba palibe, pangotsala kabowo kapululu. Nditayesa ndi madzi a sopo, thovu linatuluka pangodya yapamwamba, pafupi ndi indiketa. Chinanso chimene ndaona n'chakuti nditamasula bawuti yapamwamba, khutu la nyali, lomangirapo bawutiyo, linadumpha n'kuchoka pamzere wa bowo lake, ngati kuti linachita kukokedwa kuti lifike.

Sipanala17

Chomalizachi n'chofunika kwambiri. Makutu a nyali zogula padera sagwera ndendende pamabowo a galimoto nthawi zonse, ndipo woika akakoka khutu ndi mphamvu n'kumanga bawuti, chigoba chimapindika pang'ono ndipo mzere umayasama pangodya yapafupi. Mukamata popanda kukonza zimenezi, padzatsegukanso pomwepo. Pobwezera, lowetsani mabawuti onse momasuka kaye, nyali ikhale m'malo mwake yokha, ndipo pamene pali mpata ikani mawashala kapena kulitsani bowo la khutu pang'ono, kenako mumange mosapyola muyeso.

MayiWaPikapu

Musanaitsegule, achimwene, funsani kaye kumene munagula ngati ili ndi waranti. Ogulitsa ambiri amasintha nyali yodontha pamzere, koma akaona kuti yatsegulidwa kapena yapakidwa chomatira amakana. Jambulani madonthowo ndi thovu la sopo lija kuti mukhale ndi umboni.

MlondaWaUsiku

Koma akakaona zivundikiro zong'ambidwazo adzanena kuti madzi analowera pamenepo, ndipo sadzakhala akunama kwenikweni.

GogoInjini

N'zotheka ndithu, ndipo akakana, ntchito yake si yaikulu monga ikumvekera. Popeza mpata uli pangodya imodzi, mwina simufunika kulekanitsa nyali yonse: tenthetsani ngodyayo mpaka butyl afewe, kanikiziranimo kachidutswa katsopano, panani ndi chopanira mpaka izizire, ndiye muyesenso ndi sopo. Kachubu kosowako mungakatenge panyali yanu yakale ngati simunaitaye. Potsuka galimoto, makina opopera madzi mwamphamvu asalunjikitsidwe pamzere kapena kumbuyo kwa nyali, ndipo musathire madzi ozizira panyali imene yangozimitsidwa kumene. Potseka zivundikiro komaliza, sankhani tsiku louma, masana, osati m'mawa kuli mame kapena mvula itangokata, chifukwa mpweya umene mutsekere m'katimo ndi wa nthawi yomweyo, ndipo timabowo topumira timatenga nthawi kuti tiusinthe.